Chinsinsi chimene sichinafike ku Kgale

Mu Ogasiti 2017, pa yunivesite ya Botho ku Kgale, mu mzinda wa Gaborone, bungwe la Mind and Life linachititsa msonkhano wokambirana za umunthu. Mlendo wolemekezeka, Dalai Lama, sanafike. Ofesi yake inati madokotala anamulangiza kuti apumule, ngakhale kuti ambiri sanaiwale mmene dziko la China linakalipira boma la Ian Khama pa za ulendowo. Komatu akanabwera, a ku Kgale akanangomva za chifundo ndi mtendere. Phata la mwambo wa ku Tibet, lotchedwa Vajrayana, sililalikidwa pabwalo.

Mizu yake ili ku India. Kuyambira cha m'ma 600, mabuku otchedwa tantra anafala pakati pa Ahindu opembedza Shiva ndiponso pakati pa Abuda, ndipo magulu awiriwa ankabwerekana milungu, mapemphero ndi miyambo yolowetsera munthu m'chinsinsi. Ku Kashmir, Abhinavagupta analemba Tantraloka cha m'ma 1000. Ku Tibet chiphunzitsochi chinafika m'zaka za m'ma 700, ndipo pamene nyumba za amonke ngati Vikramashila zinaphwasulidwa cha m'ma 1200, zambiri zinapulumukira m'mabuku omasuliridwa m'Chitibeti.

Mpanda weniweni wa chinsinsichi unali chinenero. Mabuku ena analembedwa m'mikuluwiko: pamene alemba kuti duwa kapena mwezi, sakunena duwa kapena mwezi ayi. Wosalowetsedwa amatha kuwerenga buku lonse n'kuchokapo chimanjamanja, pakuti tanthauzo limachoka pakamwa pa mphunzitsi n'kulowa m'khutu la wophunzira amene walumbira. Mchewa wogula njira kudambwe sangadabwe nazo zimenezi.

Dalai Lama atathawira ku India mu 1959, mpandawo unayamba kugumuka, ndipo anaugumula ndi eni ake, poopa kuti mwambo ungafere limodzi ndi akuluakulu. Mu 1981 iye anachita mwambo wa Kalachakra ku Wisconsin, koyamba m'maiko a azungu. Lero mabuku a tantra akugulitsidwa m'Chingerezi. Kunali kusinthanitsa kowawa, kofanana ndi kwa gule wamkulu wovinidwa pamaso pa alendo: chigoba chikuoneka, mwini gule akadali mseri. Mu Januwale 2017, miyezi 7 msonkhano wa ku Kgale usanachitike, Kalachakra inachitikira ku Bodh Gaya pamaso pa chinamtindi cha anthu, ndipo Atibeti ambiri ochokera ku China analamulidwa kubwerera kwawo mwambowo usanayambe.