Njira ya Sitima ndi Njira ya Mapazi

Munthu wobadwira kwa Kapelula, m'boma la Kasungu, amakula akuona minda ya fodya ndi zigafa, ndipo nyanja amangoimvera m'kamwa mwa ogulitsa usipa. Komatu mvula imene imagwa m'zigwa za Kasungu sithera pomwepo. Imatsata timitsinje, niloŵa mu Bua ndi mu Dwangwa, nikathira m'Nyanja ya Malaŵi m'boma la Nkhotakota. Kumene madziwo amatsikira ndi kumenenso makolo ankatsikira wapansi, akatundu ali pamutu. Nkhani ya lero ndi ya njira ziŵirizi, ya pamadzi ndi ya pamtunda, ndi m'mene zinasandukira njira za alendo odzaona dziko.

Ku Ulaya kuli mtundu wina wa tchuthi umene anthu amaukonda. Amakwera bwato lalikulu loyenda pang'onopang'ono m'ngalande yokumbidwa ndi anthu, namadya ndi kugona momwemo. Kukacha amatsika, nakwera mapiri pamodzi ndi munthu wodziŵa njira, ndipo madzulo amalipeza bwato lija litawadikira patsogolo. Ku Scotland izi zimachitika pa ngalande ya Caledonian, imene mmisiri Thomas Telford anaikonza ndipo inatsegulidwa m'chaka cha 1822. Ngalandeyo imachoka ku Inverness, nidutsa m'nyanja ya Loch Ness, nikathera kufupi ndi phiri la Ben Nevis. Ngalande zotere sanazikumbire zosangalatsa ayi. Zinali njira za malonda, ndipo alendo anazilandira pamene akatundu anasamukira ku njanji ndi ku misewu.

Kuno kwathu ngalande yotero kulibe, pakuti Namalenga anatipatsa kale mtsinje wa Shire ndi nyanja. Koma njira imeneyi ili ndi chilema chimodzi. Kuchokera ku Matope kutsikira ku Kapichira, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, Shire amagwa m'mathithi amene sitima singadutsemo. Chotero kuyambira pachiyambi, ulendo wa pamadzi m'dziko muno unali wolumikizana ndi ulendo wa mapazi.

Dr David Livingstone anaiona nyanja m'mwezi wa Sepitembala 1859, atasiya sitima yake kumunsi kwa mathithi. M'chaka cha 1863 anabweranso. Sitima yake yotchedwa Pioneer inali kudikira kuti madzi a mu Shire achuluke, ndipo iye anauyamba wapansi mpaka ku Nkhotakota, kumene anaonana ndi Jumbe. Kumeneko zombo za Aluya zinali kuwolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kumka kutsidya. Pofuna kuona kumene malondawo ankachokera, anakwera mapiri kuloza kuzambwe, nakafika kwa Mwase ku Kasungu, napitirirako pang'ono asanabwerere. Njira imene anayenda sanaiyambe ndiye. Inali yopondedwa kale, ndipo anamutsogolera ndi eni dziko amene ankadziŵa pamene pali madzi akumwa, pamene pali dooko, ndi mudzi umene ungalandire mlendo. Ambiri mwa anthu amenewo maina awo sanalembedwe.

M'chaka cha 1875 kunafika amishoni a ku Scotland motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pawo panali Dr Robert Laws. Anabwera ndi kasitima kotchedwa Ilala, dzina la dera la kwa Chitambo kumene Livingstone anamwalirira mu 1873. Atafika pamathithi anakamasula zidutswazidutswa. Anthu pafupifupi 800 a m'midzi ya m'mbali mwa Shire anasenza zitsulozo, nakwera nazo zitunda dzuŵa likuswa mtengo, malipiro awo ili nsalu. Mbiri imanena kuti palibe chidutswa chimene chinasoŵa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwo unapherezeka: pa 12 Okutobala 1875 Ilala inaloŵa m'nyanja, sitima ya nthunzi yoyamba kuyenda pamadzi amenewo.

Patapita zaka zitatu, mu 1878, John Moir ndi mbale wake Frederick anayambitsa kampani imene anthu anaitcha Mandala. Mlendo wa masiku amenewo ankakwera sitima mu Zambezi ndi mu Shire mpaka kwa Katunga, ku Chikwawa. Kuchoka apo ankakwera mapiri kupita ku Blantyre, wapansi kapena pa machila, natsikira ku Matope kukakwera sitima ina. Zonsezi zinkatheka chifukwa cha amtengatenga. Ntchito yawo inali yoŵaŵa, ndipo msonkho utakhazikitsidwa ambiri ankaigwira mosafuna. Inayamba kuchepa pamene njanji inafika ku Blantyre mu 1908, makamaka mu 1935 pamene mlatho wa pa Zambezi unatha ndipo njanji inafika ku Salima.

Kumpoto nako sitima inakumana ndi phiri. Amishoni aja, malungo atawasautsa ku Cape Maclear, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Laws anasankha phiri la Khondowe, limene lero timati Livingstonia. Akatundu ankatsitsidwa pagombe la Chitimba, nakwezedwa phirilo pamapeŵa a anthu kufikira pamene unalambulidwa msewu wa Gorodi, wokhota kokwanira 20. M'mbali mwa njirayo muli mathithi a Manchewe, ndipo kuseri kwa madzi ake kuli phanga limene anthu ankabisalamo pothaŵa nkhondo za Angoni.

Pafupi ndi gombe lomwelo la Chitimba ndi pamene panaonekera tsoka lalikulu koposa m'mbiri ya nyanjayi. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anamira. Dziko linakhala ndi mantha, koma midzi ya m'mphepete mwa nyanja sikanatha kukhala popanda sitima. Tsono kampani ya Yarrow ya ku Glasgow inapanga ina, imene inabwera m'zidutswa monga yoyamba ija, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951. Anaitchanso Ilala. Kwa zaka zoposa 70 yanyamula anthu, chimanga, nsomba ndi malata pakati pa Monkey Bay, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe ndi Chilumba. Pamene palibe doko, timabwato take timatengera anthu kugombe.

Alendo odzaona dziko anayamba kuchuluka nkhondo yachiŵiri itatha. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi zochokera ku England zinkaima ku Cape Maclear. Mu 1952 okonda kukwera phiri la Mulanje anayambitsa bungwe lawo. Mu 1965 Nyika inakhala malo oyamba osungirako zachilengedwe amtundu wa National Park m'dziko muno, ndipo Kasungu inatsatira mu 1970. Kuyambira pamenepo mlendo ankatha kugona usiku pamwamba pa Ilala, natsikira kumpoto, nakwera Gorodi, kapena kuyenda masiku atatu kuchokera ku Chelinda pa Nyika kutsikira ku Livingstonia pamodzi ndi msilikali wa zanyama. Ku Mulanje, wofuna kufika pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, amatenga mnyamata wa m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo kuti amtsogolere.

Kusiyana kwathu ndi ku Scotland kuli apa. Kumeneko bwato la m'ngalande linasiya ntchito ya akatundu lisanakhale la alendo. Kuno sitima imene mlendo amakwera posangalala ndi yomweyo imene mayi wa ku Ruarwe amaiyembekeza kuti akafike ku Nkhata Bay. Ikaima chifukwa cha kuwonongeka, mlendo amangosintha ulendo, koma mayiyo amasoŵa mtengo wogwira. Chimodzimodzinso kuphiri: mikungudza ya pa Mulanje yatha ndi nkhwangwa ndi moto, ndipo nkhalango ikatha, wotsogolera alendo ndiye amayamba kugona ndi njala.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, monga linachitira ndi dera la nyanja la ku Cape Maclear mu 1984. Ulemu umenewu ndi wa dziko lonse la Malaŵi, ndi a kwa Kapelula omwe. Mwana wa kumeneko akadzatsika tsiku lina kupita ku Nkhotakota, nakaima pansi pa mtengo umene Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, adzaŵerenge dzina la mlendo lolembedwa pamenepo, koma akumbukirenso amene anamuonetsa njira yokwerera ku Kasungu.