Imfa ya a Chiwanga ndi Manyuzipepala

Lero za mbozi za thonje tiyambe taziika padera, tikambe za manyuzipepala, mapepala aja ena a inu mumapichiramo fodya mukatha kuwerenga.

M'mwezi wa May 1983 a David Chiwanga, phungu wa kuno ku Chikwawa, anafa pamodzi ndi nduna zitatu: a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala. Mitembo yao inapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Daily Times ndi Malawi News, amene anali a kampani ya Dr Banda, anangobwereza mau a Boma: ati inali ngozi ya galimoto. Zaka zinapita, anthu nkumangonong'onezana m'nyumba.

Aepiskopi atalemba kalata yao mu March 1992, zinthu zinayamba kusintha, ndipo pofika pa referendamu ya 14 June 1993 manyuzipepala atsopano anali atabuka ngati ngumbi. Iwowa anafunsa poyera kuti anawapha ndani anthu anai aja. Analembanso za nkhanza za Apayoniya, amene asilikali anawalanda mfuti mu December 1993. Pa ichi tiwayamike. Bungwe lofufuza la Jaji Mtegha linapeza kuti anawapha ndi apolisi, ngakhale kuti mu December 1995 khoti linamasula Dr Banda ndi a John Tembo pa mlanduwo.

Komatu mafumu, pepala lirilonse linali ndi mwini wake, ndipo eni ambiri anali andale ofuna mavoti. Taonani za a Gwanda Chakuamba a ku Nsanje. Anatsogolerapo Apayoniya, anamangidwa mu 1980, naturuka m'ndende mu 1993, ndipo pa chisankho cha 1994 anaima ngati wachiwiri kwa Dr Banda. Mlembi wowakonda ankangotola za ndendezo, wodana nao nkutola za Apayoniya. Zonse nzoona, koma aliyense anatapa mbali yake ya nkhokwe.

Nanga mai uja anabwezedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani? Nanga a Mboni za Yehova amene anathamangitsidwa m'midzi mu 1972? Mapepalawo ambiri ankalembedwa m'Chingerezi ku Blantyre, ndipo maina a anthu otere anafikamo ochepa. Inu anyakwawa ndinu mukuwadziwa, ndi minda imene anasiya.