Achire kapena afe: mbiri ya wodwala m'mabuku achikondi

Buku lachikondi lili ndi lamulo lake: nkhani ikamatha, awiriwo akhale pamodzi ndipo akhale osangalala. Mabuku a Mills & Boon, kampani yomwe inayamba ku London mu 1908, aja ambiri a ife tinkabwerekana kusekondale mpaka chikuto kuthothoka, onse amayendera lamulo limeneli. Nanga zimatha bwanji ngati mmodzi mwa awiriwo ali ndi ulumali, kapena thupi lake limamupweteka tsiku ndi tsiku? Ndikayang'ana mbiri ya mabuku amenewa, ndimaona kuti kwa zaka zoposa 150 alembi ankadziwa njira ziwiri zokha. Wodwalayo achire, kapena afe.

Tiyambire pa Jane Eyre, buku la Charlotte Brontë la mu 1847, lomwe ambiri amalitenga ngati gogo wa nkhani zachikondi zamasiku ano. Rochester akufuna kukwatira Jane pomwe mkazi wake woyamba, Bertha, wodwala misala, wamutsekera m'chipinda chapamwamba. Bertha akutentha nyumba n'kufera pomwepo, ndipo Rochester akutuluka m'motomo wakhungu, dzanja limodzi litaduka. Brontë tingamuyamikire chifukwa Jane akukwatiwa ndi munthuyo ali choncho. Koma taonani ntchito yomwe ulumali wapatsidwa. Ndi chilango cha chinyengo chake, ndi chida chomuchotsera matama. Chilangocho chikakwana, diso limodzi likuyambanso kuona, moti akutha kuona mwana wake woyamba. Kunena za Bertha, iye anayenera kufa kuti ukwatiwo utheke.

Njira ya imfa inatchuka chaka chotsatira. Mu 1848 Alexandre Dumas wamng'ono anatulutsa La Dame aux Camélias, momwe Marguerite akufa ndi chifuwa chachikulu. Kuyambira pamenepo mtsikana wodwala, wofooka koma wokongola, anakhala ngati chiwiya chomwe mlembi aliyense angabwereke akafuna misozi ya owerenga. Mu 1970 Erich Segal anachitanso zomwezo mu Love Story: Jenny akufa ndi khansa ya m'magazi, mwamuna n'kutsala ataphunzira tanthauzo la moyo. Phunziro ndi la wotsalayo. Wodwala ndiye amalipira.

Mwamuna wolumala naye sanapeze mpumulo. Mu Lady Chatterley's Lover ya D. H. Lawrence, ya mu 1928, Clifford akubwera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse atafa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika. Lawrence akugwiritsa ntchito njinga yake ya olumala ngati chizindikiro cha kuuma mtima kwa anthu olemera a ku England, ndipo mkazi wake akukapeza chikondi kwa Mellors, mlonda wa nkhalango yawo. Akatswiri awiri, David Mitchell ndi Sharon Snyder, anafotokoza khalidweli mu 2000 m'buku lawo lotchedwa Narrative Prosthesis. Mfundo yawo ndi yakuti nkhani zambiri zimatsamira pa ulumali ngati ndodo yoyendera: zimaufuna kuti ziyende, koma za moyo weniweni wa munthu wolumalayo sizilabadira.

Panali ena omwe anayesa njira ina. Mu 1992 Laura Kinsale analemba Flowers from the Storm, nkhani ya mfumu yolemera, katswiri wa masamu, yomwe ikugwidwa ndi sitiroko n'kulephera kuyankhula. Abale ake akuiyesa yamisala n'kuitsekera. Maddy, mtsikana wa mpingo wa Quaker, ndiye akuzindikira kuti nzeru zake zilipo, chomwe chasokonekera ndi mawu. Kinsale akutilowetsa m'mutu mwa munthuyo kuti timve mmene mawu a anthu ena amamufikira ali oduka-duka, ndipo pomaliza akadayankhula movutikira. Komabe buku lotere linali ngati mvula ya m'chilimwe.

Zinthu zinafika pachimake ndi Me Before You ya Jojo Moyes, ya mu 2012. Will Traynor, mnyamata wolemera, akugundidwa ndi njinga yamoto n'kufa ziwalo. Akukondana ndi Lou, mtsikana womusamalira, koma akusankhabe kupita ku Switzerland kuti akamuthandize kufa, n'kumusiyira Lou ndalama zoti akasangalale nazo. Kanema wake atatuluka mu 2016, anthu olumala a gulu la Not Dead Yet anachita zionetsero ku London pa tsiku loyamba kumuonetsa. Dandaulo lawo linali lomveka: dziko lonse likulira mokhutira ndi nkhani yonena kuti mphatso yaikulu yomwe wolumala angapereke kwa wokondedwa wake ndi kuchoka.

Nthawi imeneyi n'kuti zinthu ziwiri zitasintha kale. Choyamba, mabuku a pa intaneti anatsegula khomo loti mlembi adzisindikizire yekha osadikira chilolezo cha kampani yaikulu. Chachiwiri, mu 2015 mlembi Corinne Duyvis anayambitsa pa Twitter mawu akuti OwnVoices, olozera mabuku omwe mlembi wake akulemba za moyo womwe iye mwini akuudziwa. Mu 2018 Helen Hoang, yemwe ali ndi autism, anatulutsa The Kiss Quotient, ndipo mpangankhani wake wamkulu, Stella, ali ndi autism ngati iye.

Kwa ine, mayeso enieni anali ululu wosatha, chifukwa umavuta kuulemba kuposa khungu kapena njinga. Suoneka ndi maso. Ulibe tsiku lomwe umafika pachimake n'kutha, pomwe nkhani imafuna chiyambi, pakati ndi mathero. Madokotala amautcha wosatha ukapitirira miyezi itatu, ndipo bungwe la World Health Organization linaupatsa malo akeake m'ndandanda wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ngati zachipatala zinachedwa chonchi, n'zosadabwitsa kuti alembi anachedwanso.

Mu 2019 Talia Hibbert, mlembi wachikuda wa ku Britain yemwe anayamba ndi kudzisindikizira yekha, anatulutsa Get a Life, Chloe Brown. Chloe ali ndi fibromyalgia, matenda obweretsa ululu thupi lonse ndi kutopa kosaneneka, omwenso Hibbert ali nawo. Atayamba kudwala, anzake ndi chibwenzi chake anamuthawa. Red, mwamuna woyang'anira nyumba yomwe Chloe akuchita lendi, sakumuchiritsa ndipo sakuyesa n'komwe. Akungophunzira kufunsa chomwe Chloe akufuna, ndi kukhulupirira yankho lake. Mu 2021 Tia Williams, yemwe wakhala ndi mutu waching'alang'ala kuyambira ali mwana, analemba Seven Days in June. Eva Mercy ndi mlembi wotchuka komanso mayi wolera yekha mwana ku Brooklyn, ndipo amabisa ululu wake kwa anthu, n'kumadalira mankhwala kuti tsiku lithe. Mabuku onse awiri akutha mosangalatsa ululu ukadalipo. Apa ndiye pagona kusintha konse: chisangalalo sichikudikiranso kuchira.

Sindikunena kuti ntchito yatha. Werengani mayinawa: Rochester, mfumu ya Kinsale, Will, ngakhale Chloe yemwe. Onse ndi ochokera ku mabanja achuma. Ululu wa munthu yemwe ali ndi dokotala wake, galimoto ndi nyumba yabwino si wofanana ndi wa munthu yemwe amauzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha. Mabukuwa anaphunzira kusunga wodwala ali moyo, koma sanaphunzire bwino kumusunga ali wosauka.

Wina anganene kuti awa ndi mabuku ongotayitsa nthawi. Ine ndikukana. World Health Organization imati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse, ali ndi ulumali waukulu. Ambiri a ife tinayamba kuphunzira kuti woyenera kukondedwa amaoneka bwanji kuchokera m'mabuku ndi m'makanema, tisanafunsirepo kapena kufunsiridwa. Phunzirolo limadzamveka pambuyo pake pakhonde, azakhali akamafunsa mnyamata kuti, “Ndiye mkazi wodwaladwalayu udzamutha?” Limamvekanso mumtima mwa wodwalayo, akamakana chibwenzi poopa kukhala mtolo. Ambiri mwa anthu amenewa sadzachira. Buku lomwe limawauza kuti adikire kuchira kaye likuwauza kuti adikire moyo wawo wonse, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti mathero a Chloe ndi Eva, ngakhale ali ndi zofooka zake, ndi oona kuposa diso la Rochester.