MSILIKALI AMENE ANAPITIKITSIDWA M'DZIKO: MBIRI YA BAMBO SIMON ZUKAS

Asilikali ambiri amene anabwerera kwao itatha nkhondo ya Hitler m'caka ca 1945 anali ndi funso limodzi mumtima: ngati anamenyera ufulu wa maiko ena, nanga ufulu wa dziko lao uli kuti? Mmodzi wa iwo anali Mzungu, Myuda, dzina lace Simon Zukas.

Bambo Zukas anabadwa m'caka ca 1925 ku Ukmerge, m'dziko la Lithuania. Anafika ku Northern Rhodesia m'caka ca 1938, nakulira ku Migodi, kumene atate ao anali ndi sitolo. Mwai wao unali waukulu, pakuti m'caka ca 1941 Ayuda ambirimbiri a ku Ukmerge anaphedwa. Asanakwanitse zaka 20, mnyamatayo analembedwa usilikali m'gulu la King's African Rifles, natumizidwa ku maiko a kum'mawa kwa Afirika. Kumeneko anaona ndi maso ace umo asilikali akuda analinkunyamulira katundu wolemera wa nkhondo, koma ulemu ndi malipiro abwino zili kwa ena.

Atavula yunifomu anakaphunzira uinjiniya ku Cape Town, nayamba nchito ku Ndola. Apa ndipo panayambira mlandu. Azungu a ku Salisbury analinkufuna Citaganya ca maiko atatu, ndipo Bambo Zukas, pamodzi ndi anyamata onga Justin Chimba ndi Reuben Kamanga, anaimika kabungwe kokana Citaganyaco. Anagwirizananso ndi Congress, imene mtsogoleri wace anali Harry Nkumbula, mwana wa sukulu ya Amethodist ya ku Kafue. Boma linaona kuti Mzungu wotere ngoopsa koposa munthu wakuda wolankhula zomwezo. M'caka ca 1952 linawagwira, kuwatsekera m'ndende ya ku Livingstone miyezi yambiri, ndi kuwapitikitsira ku England. Ufumu umene anautumikira pa nkhondo, boma lace lomwelo ndilo linawacotsa m'dziko.

Anthu a ku Kafue sanacedwe kuona kuti mantha a anyamata aja sanali acabe. Dziwe la magetsi limene linayenera kumangidwa pa mtsinje wa Kafue, boma la Citaganya linalisamutsira ku Kariba m'caka ca 1955, ndipo nyumba yoyamba ya magetsi inamangidwa tsidya la Southern Rhodesia.

Ku London, m'caka ca 1954, Bambo Zukas anakwatira Cynthia Robinson, namwali wa ku Cape Town wodziwa kujambula zithunzi, amenenso anali kudana ndi tsankho la kwao. Ukwati umenewu unayambira pa ulendo, mwamuna ali woletsedwa kuponda kwao. Amai Cynthia anavomera kudikira dziko limene sanabadwiremo, ndipo nyumba yao inali pofikira pa atsogoleri a ufulu akapita ku London. Anabereka ana amuna awiri. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, ciletso cinatha, ndipo banja lonse linadza kudzakhala ku Lusaka.

Aliyense anali ndi munda wace, koma analimirana. Bambo anamanga nyumba ndi kuyang'anira nchito za uinjiniya. Amai anathandiza amisiri a zojambula ndi zosema, nayambitsa bungwe la Lechwe Trust m'caka ca 1986. Dzinalo ndi la nyama ija yokonda madzi imene idziwika kwambiri m'madambo a Kafue.

M'caka ca 1991 Bambo Zukas anasankhidwa kuimira Sikongo m'Nyumba ya Malamulo, nakhala nduna m'boma la MMD. Koma m'caka ca 1996, pamene boma linakonza lamulo loletsa munthu amene makolo ace anabadwira kunja kuti asaime pa upulezidenti, lamulo lolinga Bambo Kaunda, iwo anatula pansi udindo. Munthu amene anapitikitsidwapo anadziwa kuwawa kwa kuuzidwa kuti kwanu si kuno.

Anamwalira ku Lusaka pa 27 September 2021, ali ndi zaka 96, ndipo boma linawaika ndi ulemu. Iwo ndi Amai Cynthia anakhala m'banja zaka 67.