Matanthwe a Chongoni ndi Anthu Amene Akhala Akuwakwera

Munthu akachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1 n'kudutsa Linthipe, amayamba kuona mapiri a miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina itatsamirana n'kusiya mapanga pansi pake. Awa ndi mapiri a Chongoni, oyandikana ndi midzi ya kwa Kaphuka ndi ya mafumu ena a m'boma la Dedza. Masiku ano alendo amafika m'mawa, n'kupeza mnyamata wa m'mudzi woti awatsogolere. Amakwera mwaphuma pathanthwe loterera, pena chokwawa, pena atagwira mizu, ndipo dzuwa likamafika paliwombo amakhala atatsika. Njira zimene amapondazo zinapondedwa kalekale ndi anthu amene ankakwera pa zifukwa zazikulu kuposa kukaona malo.

Oyamba anali Akafula, alenje amene ankakhala m'mapangamu Achewa asanafike. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere napeza timiyala tosongoka, mafupa a nyama ndi mapale. Zofukulidwa m'derali zimasonyeza kuti anthu akhala akubisala mvula m'mapangawa kwa zaka zoposa 2,000. Akafulawo ndiwo anasiya zojambula zofiira: mizere yondondozana, madontho, ndi zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati. Ku Mphunzi zina zili pamwamba kwambiri moti wozionayo amachita kukweza khosi.

Kenako kunabwera alimi. Amayi a Chichewa ankatengera atsikana kuphiri, kutali ndi maso a amuna, kukawalanga pa chinamwali. Anamkungwi ankaviika chala m'dothi loyera n'kujambula pamwala nyama zotambasula miyendo, zooneka ngati buluzi womuyang'ana kuchokera pamwamba, zina zokhala ndi madontho akuda pamsana. Ukayandikira ku Chentcherere umaona pamene chala chinadutsa, ndiponso kuti choyera chinapakidwa pamwamba pa chofiira chakale. Leslie Zubieta, yemwe anafufuza phangali ndi kucheza ndi amayi achikulire a m'derali, anafalitsa buku lake mu 2006 losonyeza kuti zithunzizi zinkathandiza namwali kusunga mwambo pamtima.

M'zaka za m'ma 1800 kukwera phiri kunasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe, ndiponso ogula akapolo atayamba kusakaza midzi, mabanja ambiri anathawira m'matanthwe ndi mbuzi ndi mbewu zawo.

Nkhondo zitatha, vuto lina linagwera Nyau. Amishoni anatsegula Nkhoma mu 1896 ndi Mua mu 1902, ndipo iwo pamodzi ndi boma la atsamunda ankalimbana ndi Gule Wamkulu, monganso mafumu ena a Chingoni ankachitira. Apa amuna a kudambwe anatengera chinsinsi chawo kuphiri. Pakhoma la phanga la Namzeze pali zilombo zojambulidwa ndi dothi loyera, pakati pake Kasiyamaliro, chilombo cholemekezeka chija chimene chimatuluka pa maliro. Ofufuza monga Matthew Schoffeleers ndi Benjamin Smith analemba kuti zojambulazi zinachuluka pa nthawi imene gule ankaponderezedwa.

Boma linaika Chongoni kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1924, ndipo mu 1969 mapanga a ku Chentcherere analowa m'gulu la malo osungidwa ndi lamulo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linalemba dera lonseli, la malo 127 okhala ndi zojambula, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Izi zinachitika patangopita chaka chimodzi bungwe lomweli litalemekeza Gule Wamkulu.

Kukwera matanthwe ndi zingwe ngati masewera kunatchukira ku Mulanje, pakhoma lalitali la Chambe, ndipo tsopano bungwe la Climb Malawi likuphunzitsa achinyamata a ku Lilongwe lusoli. Ku Chongoni mlendo safunika chingwe. Chimene amafunika ndi munthu wodziwa njira, chifukwa mapanga ambiri sawoneka uli kunsi, ndiponso wodziwa zoyenera kunena ndi zoyenera kusiyira eni mwambo.

Chodetsa nkhawa n'chakuti makoma ena awonongeka ife tikuona. Ku Chentcherere, komwe n'kosavuta kufikako, anthu alemba mayina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzi za anamkungwi. Utsi wa moto wosonkhedwa m'mapanga wadetsa miyala, ndipo mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mvula ikuthera ku nkhuni ndi makala. Nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale ili ndi udindo pa malowa, koma singaike mlonda pa phanga lililonse mwa 127. Amene amakwerako kawirikawiri ndi otsogolera alendo, abusa a ng'ombe ndi amayi otola nkhuni a m'midzi yozungulira, ndipo ndi iwo amene amayamba kuona dzina latsopano likalembedwa pakhoma.