Labotale ya Cavendish ndi Kugawika kwa Atomu

Labotale ya Cavendish, yomwe inatsegulidwa mu 1874 mumsewu wopapatiza wa Free School Lane ku Cambridge, ndiyo inathetsa chikhulupiriro chakale chakuti atomu, kanthu kochepetsetsa kamene kamapanga zinthu zonse, singagawike. Mu 1897, mu labotaleyi, J. J. Thomson anadutsitsa magetsi m'machubu agalasi opopedwa mpweya, ndipo ataona kuti cheza chotulukamo chinkakhotera ku mbale yachitsulo ya mphamvu ya pozitivi, anazindikira kuti chezacho ndi tizidutswa ta mphamvu ya negetivi, popeza mphamvu zosiyana zimakokana pamene zofanana zimakankhana. Tizidutswato ndito timatchedwa maelekitironi, ndipo timapepuka koposa ngakhale atomu ya haidirojeni.

Ulemu wa pulotoni, kachidutswa ka pozitivi kokhala pakati pa atomu, suyenera kuperekedwa ku Cavendish, chifukwa Ernest Rutherford anaitulukira ali ku Manchester, asanabwerere kudzatsogolera labotaleyi mu 1919. Nyutironi, kachidutswa kena kokhala pakati pa atomu, inavuta kwambiri kuipeza, pakuti ilibe mphamvu yamagetsi yoti n'kuikhotetsa, mpaka James Chadwick anaitsimikiza ku Cavendish mu 1932. Labotaleyi inasamukira kumadzulo kwa Cambridge mu 1974.