Kuchokera pa giya imodzi kufika pa mano 34

Makolo athu amene anachoka ku Chipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku mgodi wa Nkana kapena m'mafakitale a ku Ndola sankadandaula za magiya. Njinga imene munthu ankaisungira malipiro kwa miyezi yambiri, Raleigh kapena Humber yakuda ya ku England, inali ya giya imodzi. Ukafika pachitunda, unkatsika n'kukankha. Opeza bwino ankagula ya magiya atatu a Sturmey-Archer obisika pakati pa wilo lakumbuyo, luso la ku Nottingham loyambira mu 1902. Titalandira ufulu, fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inatipangira Eagle, nayonso yosachulukitsa zida. Ogulitsa makala amene amalowa mu Kitwe m'bandakucha amadziwa ubwino wake: ikawonongeka, makanika aliyense wa pansi pa mtengo aikonza.

Njinga za mpikisano zinakulira kwina. Zili ndi derailleur, kachida kolendewera pambali pa wilo lakumbuyo kamene kamasuntha tcheni pa mulu wa magiya. Muluwo umatchedwa kaseti, koma si ija ya nyimbo ayi. Mpikisano wa Tour de France unalola onse kugwiritsa ntchito kachidaka mu 1937. Campagnolo ya ku Italy inatulutsa Gran Sport cha mu 1951, SunTour ya ku Japan inakapendeketsa mu 1964 kuti kazitsata magiya bwino, ndipo mu 1984 Shimano inabweretsa kusintha giya kongodina kamodzi. Nthawi yonseyi opanga ankaganizira akatswiri a miyendo yachitsulo, amene ankati giya yofewa ndi ya anthu aulesi. Giya yaikulu ya pa kaseti inkakhala ya mano 21, 23 kapena 25, ndipo derailleur ankaipanga ya mkono waufupi wongokwanira pomwepo.

Njinga zambiri za mpikisano zimene timagula kuno ndi za m'badwo umenewo, zofika zitatumikira kale eni ake kunja. Copperbelt ilibe mapiri, n'zoona. Koma amene anapalasapo makilomita pafupifupi 60 a pakati pa Ndola ndi Kitwe dzuwa la Okutobala likuswa mtengo amadziwa mmene maondo amalirira pokwera kuchokera pa mlatho wa Kafue. Mpake kuti ambiri a ife timalakalaka kaseti ya mano 32 kapena 34, imene lero ngakhale akatswiri aja sachita nayo manyazi.

Vuto ndi lakuti derailleur iliyonse ili ndi malire awiri, ndipo wopanga amawalemba. Oyamba ndi giya yaikulu imene ingakwere. Za Shimano zakale za mkono waufupi zambiri zimalekeza pa mano 27 kapena 28. Pa Shimano 105 R7000, yaifupi, yotchedwa SS, imafika pa 30, ndipo yaitali pang'ono, GS, imafika pa 34. Nambala ya mtundu wake imadindidwa kuseri kwa derailleur. Pukutani girisi muione musanatulutse ndalama.

Malire achiwiri ndi kuchuluka kwa tcheni imene mkonowo ungakunge. Apa pafunika masamu a ku pulayimale. Chotsani mano a giya yaing'ono yakutsogolo pa yaikulu, chitani chimodzimodzi pa kaseti, kenako phatikizani. Ngati kutsogolo muli ndi 50 ndi 34, mupeza 16. Kaseti ya 11 mpaka 34 ipereka 23. Zonse pamodzi 39. SS ija imatha 35 yokha, pamene GS imatha 39 ndendende. Kaseti ya 11 mpaka 28 ipereka 17, zonse pamodzi 33, ndipo yaifupi ija siivutika nayo.

Amakanika athu ndi aluso, ndipo ena amakakamiza mano awiri owonjezera pomanga sikuluu yotchedwa B mpaka kumapeto. Nthawi zina zimatheka. Koma ambiri amaiwala tcheni. Kaseti ikakula, tcheni yakale imafupika, ndipo tsiku limene mudzalowetsa giya yaikulu kutsogolo ndi yaikulu kumbuyo, derailleur idzakokedwa n'kuthyoka kapena kulowa m'masipoko. Wilo la njinga yotere si lopezeka pa tebulo lililonse ku Chisokone kapena ku Masala, ndiye njinga ingathe miyezi itakolekedwa m'nyumba.

Kaseti yatsopano ikhalenso ndi magiya ofanana chiwerengero ndi yakale, 10 kwa 10, 11 kwa 11. Mukaimanga, nyamulani wilo lakumbuyo, zungulizani pedulo ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka tcheni ifike pa giya yaikulu mbali zonse ziwiri. Mkono ukhale utapindikabe pang'ono, osawongokeratu, ndipo pakati pa kawilo kakumwamba ka derailleur ndi mano a giya pakhale mpata wa mamilimita 5 kapena 6.